Kodi Denga Lokha Ndi Nyumba?

Akulu athu anatisiyira mwambi wakuti mlendo ndi mame. Tanthauzo lace tonse tilidziwa: mlendo akafika umphere nkhuku, umyalire mphasa yatsopano, usaumire ufa, pakuti dzuwa likakwera iye adzakhala atapita. Mwambiwu ndi wabwino, ndipo wadyetsa apaulendo ambiri. Komatu mukauyang'anitsa mudzaona kuti ufulu wace wonse watsamira pa ciyembekezo cimodzi, ndico cakuti mlendoyo adzacoka. Nanga mlendo amene alibe kobwerera timuyese ciani? Mame amene sakamuka, dzuwa lifike pamutu, lipendeke, lilowe, iwo ali pomwepo, tiwache dzina lanji?

Funso limeneli si lacilendo m'Zambia muno. M'caka ca 1966, dziko litangokhala zaka 2 pa ufulu, Boma linatsegula malo a Mayukwayukwa m'dera la Kaoma kuti mukhale anthu othawa nkhondo ya ku Angola. Malo a Meheba, kufupi ndi Solwezi, anatsegulidwa mu 1971, ndi a Mantapala ku Nchelenge mu 2018 cifukwa ca othawa ku Congo. Inu a kum'mawa mukumbukira Ukwimi, m'dera la Petauke, kumene Boma linasonkhanitsa anthu a ku Mozambique kuyambira 1987. Ambiri a iwo anayamba akhala m'midzi ya m'malire, pakati pa anthu a cinenero cao ndi a mfunda wao, mafumu nawalozera pomanga ndi polima. Pangano la mtendere litalembedwa ku Rome mu 1992, iwo anabwerera kwao, ndipo pofika kumapeto kwa 1994 Ukwimi anali cete. Amenewo tinganene kuti anali mame, ngakhale anacedwa kukamuka. Koma a ku Angola ena anabala ana ndi adzukulu ku Mayukwayukwa, ndipo pamene dzina lao lakuti othawa kwao linafafanizidwa mu 2012, panapezeka zikwi za anthu osadziwa dziko lina koma lino. Boma linalonjeza kupatsa anthu 10,000 mwa iwo cilolezo cokhala kuno masiku onse.

Tsono ine sindifuna kunena za a m'malo amenewo, koma za iwo amene anapita m'tauni, makamaka mu Lusaka. Lamulo la 1970 linati wothawa kwao azikhala kumene Boma lamuika, ndipo lamulo latsopano la 2017, ngakhale linafewetsa zambiri, silinacotse mzati umenewo. Wofuna kuturuka apemphe cipepala ca masiku owerengeka. Wofuna kukhala m'tauni apemphe cilolezo kwa Commissioner for Refugees, napereke cifukwa comveka, monga matenda ofuna cipatala cacikuru, maphunziro, nchito, kapena kuopsedwa kwa moyo wace. Ena amacipeza cilolezoco. Ena ambiri amangopita opanda kanthu m'manja. Tisafulumire kuwayesa osamvera. Nkhondo siisankha alimi okha-okha poingitsa anthu. Mtelala wa ku Lubumbashi, mphunzitsi wa ku Bujumbura, mai amene anakulira pa msika wa ku Kigali, mukawapatsa khasu ndi munda wa chire ku Meheba mwawacitira cifundo ndithu, koma cifundo conga kupatsa msodzi ng'ombe yolimira. Munthu amatsata kumene manja ace angamdyetse, ndiye cifukwa cace muwapeza ku Chawama, ku Kanyama, ku George ndi ku Mandevu, akusoka, akumeta, akugulitsa mcere ndi sopo pa kawindo ka kasitolo.

Ife a kumudzi kawiri-kawiri sitizindikira kulemera kwa mau akuti nyumba ya lendi. Kwathu wobwera amagwada kwa amfumu, amfumu namlozera malo. Mitengo iri m'thengo, udzu uli kudambo, dothi liri pa culu, ndipo akaphika mowa kapena thobwa anansi amthandiza kukweza denga. Ikatha nyumbayo, yatha. Palibe wogogoda pa citseko mwezi ukafa. M'tauni ai. Kumeneko cipinda cimene wagonamo zaka 10 uyenera kucigulanso mwezi uli wonse, ndipo tsiku limene walephera, zaka 10 zija sizikuwerengedwa kanthu.

Masiku ano pali anthu otumidwa ndi mabungwe othandiza othawa kwao, monga UNHCR ndi anzace, amene amayenda m'makomboni kufufuza umo anthuwa akhalira. Kale bungwe limenelo linkayang'ana kwambiri ku misasa, koma mu 2009 linabvomereza poyera kuti tauni nayo ndi malo oyenera kuti wothawa kwao akhalemo ndi kutetezedwa, pakuti oposa theka la othawa kwao a pa dziko lonse lapansi sali m'misasa. Ofufuzawo amafunsa mafunso abwino. Mugona angati m'cipinda cino? Denga lidontha kodi? Madzi mutunga kuti, ndipo mugula ndalama zingati? Cimbudzi ciri ca mabanja angati? Pa ndalama zimene mupeza pa mwezi, zingati zipita kwa mwini nyumba? Mafunso amenewa si acabe. Ku Kanyama mwala uli pafupi pansi pa nthaka, madzi a mvula sapeza kothawira, zimbudzi zimasefukira ndi kulowa m'zitsime zosazama. Kolera wa 2017 ndi 2018 anthu a kumeneko amkumbukira, ndipo mu 2024 matendawo anacuruka kotero kuti bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Cipinda ca mtengo wotsika ndico ciri pa malo otsika, ndipo wosauka woposa onse ndiye amacitenga.

Komabe zonsezi ndi zoyesa ndi maso. Ciripo cina cosaoneka, cimene ine ndiciyesa cacikuru koposa. Zipinda ziwiri zingakhale zolingana, malata amodzi-modzi, simenti imodzi-modzi, mpopi umodzi. M'cimodzi munthu agona tulo, m'cinzace munthu agona khutu liri kunja. Kusiyana kwace ndi uku: woyamba adziwa kuti mwezi wa mawa adzakhala momwemo, waciwiri sadziwa. Inu amene mudziwa cikamwini mudzamva msanga. Mkamwini wosakhazikika pa mudzi wa mkazi wace amalima cimanga ndi maungu, zakupsa caka comweco, koma mango ndi malalanje sabzala, pakuti ati ndingabzalire wina. Si ulesi umenewo, ndi nzeru ya munthu wosadziwa za mawa. Cimodzi-modzi wokhala m'cipinda cimene angaturutsidwemo tsiku liri lonse: sakonza citseko, sakumba ngalande, katundu wace amakhala m'matumba osamasula, mwana wace ayamba sukulu kuno, nalekeza, nayambanso kwina, mpaka atopa. Makasitomala amene mtelala anawazoloweza pa caka cathunthu amatayika pa tsiku limodzi la kusamuka. Cifukwa cace wofufuza wanzeru, atatha kuwerenga mazenera, afunsenso kuti: Pa zaka 2 zapitazi mwasamuka kangati, ndipo anafuna kusamukako ndani, inu kapena mwini nyumba? Mukalipira, alipo polemba? Akakuuzani lero kuti cokani, mudzadandaula kwa yani? Yankho la funso lomarizali ndilo limaulula ngati munthuyo ali ndi nyumba kapena angobisala mvula.

Apa pali bvuto limene sindinalione likutha. Wosowa koposa onse ndiye amene abisala wofufuza akafika. Wokhala ndi cilolezo aturuka, napereka mpando, nayankha zonse. Wopanda cilolezo akaona mlendo wa cipepala ndi pensulo, mtima wace uli ku ndende ndi ku lori yobwerera kumsasa, ndipo auza mwana kuti anene kuti kulibe anthu. Makolo athu anacita comweco masiku a msonkho, pamene amuna ankagona m'mapiri akamva kuti kalembera wafika. Motero buku la ofufuza lingathe kudzala ndi maina a iwo amene zinthu ziwayendera pang'ono, ndi kusowa maina a iwo amene agona 8 m'cipinda cimodzi. Ndiponso kufunsa kuli ndi mangawa ace. Galimoto yoyera ikaima pakhomo, mwini nyumba amaiona, nayesa kuti mlendo wace walandira cuma, mwezi wotsatira lendi nikwera. Munthu amene wakuululira umphawi wace, iwe nulemba, nupita osabweranso, wamsiya wosauka koposa umo unampezera, pakuti wamcotsera ngakhale cinsinsi cace. Ndiyesa kuti wosakhoza kusunga dzina la mnzace pobisika, kapena wosadziwa cimene adzacita nao mayankho, kuli bwino asafunse konse.

Tsopano titembenukire kwa mwini nyumba, ndipo timweruze mwacilungamo, pakuti n'kwapafupi kumjambula ngati fisi. Tiyerekeze mai wamasiye wa ku Kanyama, amene mwamuna wace anamsiyira zipinda 4 za mdadada. M'cimodzi akhala iye ndi adzukulu, zitatuzo ndizo munda wace, ng'ombe zace ndi nkhokwe yace. Iyenso sali wokhazikika kweni-kweni: m'makomboni ambiri cimene anthu anapatsidwa ndi lamulo la 1974 ndi cilolezo cokhala pamalopo zaka 30, nthaka yosakhala yao. Akafika munthu wa cinenero cacilendo kufuna cipinda, maiyo ali ndi cifukwa ca kuopa. Mnsenga kapena Mcewa akathawa ndi ngongole, ali ndi mbale ku Matero, ali ndi mpingo, ali ndi mudzi kumene mau angamtsate. Uyu wa ku Uvira akazimirira usiku, adzamfunsa yani? Tsono akapempha kuti mlendoyo alipiriretu miyezi ingapo monga cikole, ine sindimtsutsa kwambiri, ngakhale ciri colemera kwa wolipirayo.

Koma pali malire, ndipo malirewo ndi oonekera. Kupempha cikole cifukwa ca kuopa kutaya ndi kwina; kukweza mtengo cifukwa wadziwa kuti munthuyu alibe kokadandaula ndi kwinanso. Poyamba paja mwini nyumba adziteteza. Apa wayamba kudya mantha a mnzace. Cipinda cimene Mzambia alipira mtengo wakuti, mlendo nalipira woposa, cinkana denga ndi lomwelo. Cikole cimene sicibwezedwa tsiku losamuka. Kucotsa citseko kapena kuturutsa miphika pabwalo lendi itacedwa masiku 3. Ndi mau aja onenedwa motsitsa, akuti ukalankhula ndikaitana a Immigration: zonsezi si malonda ai. Dziko liri nalo lamulo la za lendi, la caka ca 1972, ndipo mabwalo a milandu ali otsegula. Koma wopanda cilolezo akapita ku polisi kukanenera mwini nyumba, wakadzinenera yekha. Lamulo limene munthu sangaligwire liri ngati citsime ca m'mpanda wa mfumu ya nkhanza: madzi alimo, koma ludzu liri pomwepo. Pamenepo cotsala comcinjiriza ndi cikumbumtima ca mwini nyumba cokha. Tiri nao mwambi wolangiza wokhala kwa eni, wakuti nyumba ya mwini saocheramo mbewa, ndipo ndi woona. Wa lendi asunge nyumba ya mnzace, alipire pa nthawi yace. Ndafuna-funa mwambi wolangiza mwini nyumbayo, ndipo ndiganiza kuti akulu sanausiye cifukwa m'masiku ao kunalibe munthu wogulitsa pogona.

Wina adzati: Zonsezi wadzicititsa yekha. Boma linampatsa malo, iye nawakana. Wolumpha mpanda asadandaule minga. Mau awa sindiwapeputsa. Boma linali ndi zifukwa zace. Pamene lamulo la 1970 linkalembedwa, Zambia anazingidwa ndi nkhondo ku Angola, ku Mozambique ndi ku Rhodesia, ndipo kusunga othawa kwao kunali kuitana adani. Mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, pafupi ndi Lusaka penipeni. Kudziwa amene ali m'dziko ndi kumene ali ndi udindo wa Boma liri lonse, ndipo pobvomera pangano la maiko la 1951 lonena za othawa kwao, Zambia ananeneratu kuti asunga mphamvu yosankhira anthuwa pokhala. Komatu ngati munthuyo walakwa, walakwira Boma, ndipo Boma liri nao akapitao ace. Kulakwa kwace sikupatsa mnansi ufulu womlanda. Mbuzi ya mnzako ikalowa m'munda wa mfumu, sicikhala cifukwa cakuti iwe uidye.

Ndiponso mau amenewa, oturuka pakamwa pa Mzambia, andicititsa manyazi pang'ono, pokumbukira mbiri ya makomboni omwewo. M'masiku a Northern Rhodesia munthu wakuda sanali kuyesedwa mwini tauni. Anayenda ndi citupa, ndipo lamulo la 1948 linaika pa olemba nchito udindo wopezera anchito ao nyumba, kotero kuti nyumba inamangirizidwa ku nchito: nchito ikatha, nyumba yatha, bwerera kumudzi. Amene anakana kubwerera, kapena amene analibe bwana, anamanga timisasa pa mafamu ndi pa malo a makontrakita a Azungu, nalipira kangacepe mwezi ndi mwezi. Maina a George, John Laing ndi John Howard ndi zipsera za nthawi imeneyo. Anthu amenewo ndiwo agogo a eni nyumba a lero. Analibe cilolezo, anaopa kugogoda kwa usiku, anamva mau akuti malo anu ndi kumudzi. Lero oposa theka la anthu a mu Lusaka akhala m'makomboni amene anayambidwa ndi olumpha mpanda.

Kukhazikika kwa munthu sikuli m'manja mwa mwini nyumba yekha, kulinso m'manja mwa anansi. Mu April 2016, itamveka mbiri ya mitembo yodulidwa ziwalo imene inapezeka ku George ndi madera oyandikana, mphekesera inafala yakuti ocita zimenezi ndi a ku Rwanda a masitolo. M'masiku 2 okha masitolo oposa 60 anathyoledwa. Kwa ambiri a iwo sitolo ndiyo inalinso nyumba, kutsogolo malonda, kuseri mphasa. Motero anataya zonse pamodzi. Anthu 2 amene anatenthedwa ndi moto m'cipolowe cimeneco anapezeka kuti anali Azambia. Mazana a alendo anathawira ku chalichi ca St Ignatius, nagona m'menemo, ndipo President Edgar Lungu anapita kukawaona ndi kunena manyazi ace pa zocitikazo. Ambiri a anthu amenewo anali atalipira lendi yao ya mwezi umenewo. Sinawathandize kanthu. Ndipo nthawi zina woturutsayo ndi Boma lomwe: ku Malawi, mu May 2023, apolisi ndi asilikari anagwira othawa kwao okhala mu Lilongwe ndi m'matauni ena, ena nayamba atsekeredwa m'ndende ya Maula, nawatengera ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unakonzedwera anthu ngati 12,000 koma unali kale ndi oposa 50,000. Ena a iwo anakhala m'tauni zaka zambiri, nakwatira komweko.

Kutsutsa kwina kuli ndi mphamvu koposa kuja, ndipo sindingakuthe konse. Ndiko kwakuti: m'cipinda coyandikana ndi ca Mkongo mukhala Mzambia wosauka cimodzi-modzi, wodonthedwa ndi denga lomwelo, woturutsidwa ndi mwini nyumba yemweyo, ndipo kwa iye sikufika galimoto yoyera. Bwanji tilirire mlendo, mwana wa pakhomo ali ndi njala? Ndi zoona, ndipo wothandiza amene saona ici abzala cidani ndi manja ace. Kulipirira mlendo lendi, mnansi wace akuyang'ana, kuli ngati kupatsa mwana mmodzi nyama pa mphasa ya ana asanu. Kusiyana kulipo ndithu: Mzambia zikamkanika ali ndi basi ya ku Katete kapena ku Lundazi, ndipo akapita ku polisi sagwidwa cifukwa ca nkhope yace, mlendo alibe ziwiri zonsezi. Koma zosowa zao zambiri ndi zimodzi, ndipo mankhwala ace ndi amodzi. Ngalande yokumbidwa ku Kanyama siifunsa citupa ca madzi amene ipititsa. Mpopi wa komboni, cimbudzi comangidwa bwino, ndi akulu a m'dera amene amva milandu ya lendi osafunsa kumene wodandaula anabadwira, zithandiza onse awiri, ndipo palibe wocitira mnzace nsanje.

Uthenga wa Mateyu utiuza kuti Yosefe anathawira ku Aigupto usiku ndi mkazi ndi khanda, nakhala kumeneko kufikira Herode atafa. Mmisiri wa mitengo, wa cinenero cacilendo, wopanda munda: ayenera kuti anagona pansi pa denga la munthu wina. Bukulo silimchula mwini dengalo.

Mwina mudzati nkhani iyi ndi ya a ku Lusaka, ife tiribe nyumba za lendi. Koma ambiri a inu muli ndi mwana kapena mphwanu amene anamanga zipinda ku Chawama kapena ku Chipata Compound, ndipo ndalama ya feteleza imene imafika pa foni mwezi wa November nthawi zina icokera m'zipinda zomwezo. Akadzabwera pa Khrisimasi mungathe kumfunsa kuti akhalamo ndani, ndipo alipira bwanji. Cimene cisowa m'nyumba zambiri zotere ndi cacing'ono: kabuku ka sukulu, kolembamo dzina la mwini ndi la wokhalamo, mtengo wa pa mwezi, cikole cimene caperekedwa ndi tsiku lodzacibweza, ndi pangano lakuti wofuna kuturutsa mnzace kapena kukweza mtengo anene mwezi wathunthu usanafike. Pansi pace asaine mboni ziwiri, wina wa mbali ya mwini nyumba, wina wa mbali ya mlendo. Mwezi uli wonse ndalama ikaperekedwa alembe tsiku, onse awiri akuona. Mai wamasiye uja kabukuko kamteteza iyenso, pakuti wa lendi akadzakana ngongole, mboni ziripo. Ngati mlendoyo sanayambe kuwerenga Cinyanja kapena Cingerezi, mzere uli wonse ulembedwenso m'Ciswahili kapena m'Cifalansa pa tsamba loyang'anana nalo, ndipo kabukuko kakhale kawiri, kena kwa mwini nyumba, kena m'thumba la wokhalamo.